Thanki yaikulu ya makorali: mayunitsi amathera pati?

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwaweta mbuna zaka zingapo kuno ku Joni, tsopano mtima wapita pa nsomba za m'nyanja yamchere ndi makorali. Mukufuna thanki ya masentimita 180 pabalaza, koma mukuopa kuti mita ya magetsi izikudyerani malipiro, ndiye mwafunsa kuti mugule nyali ziti. Za nyali ndinena, koma pambuyo, chifukwa si pamene pagona nkhani.

Inenso ndinayambira pa mbuna. Nsomba zakwathu zija zimatilekerera: madzi apampopi, hita imodzi, fyuluta, basi zimaswana. Korali ndi wina. Amaoneka ngati duwa kapena mwala koma ndi nyama, ndipo m'thupi mwake mumakhala tindere tating'ono totchedwa zooxanthellae, timene timamupangira chakudya kuchokera ku kuwala. Madzi akatentha kufika madigiri 29 kapena 30 kwa masiku angapo, korali amatitaya tinderetu, n'kuyera mbee, ndipo zikapitirira amafa. Ndi zimene zinachitika m'madera ambiri a Indian Ocean mu 1998. Madzi akazizira kwambiri zimavutanso. Choncho thanki yanu iyenera kukhala pakati pa madigiri 24 ndi 26 usana ndi usiku, mu June ndi mu December momwe. Ndalama zambiri za magetsi zimathera pamenepa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Thanki ya 180 m'litali, 60 m'lifupi, 60 kuya kwake imalowa malita 648. Mukawonjezera sump, thanki yaing'ono ija yokhala pansi yosungiramo zipangizo, n'kuchotsera malo a miyala ndi mchenga, madzi onse akhala cha m'ma 750. Kukweza madzi amenewa ndi digiri imodzi yokha kumafuna pafupifupi yuniti imodzi ya magetsi. Tsono Joni ali pamtunda wa mamita 1,750, ndipo mukudziwa nokha momwe pabalaza pamakhalira m'bandakucha wa July, munthu uli m'bulangete mpweya ukuoneka pakamwa. Hita ya mawati 300 ikayaka theka la tsiku yadya mayunitsi 3.6, ndipo pa nyengo imeneyo imatha kupitirira pamenepo. Hita yosadya magetsi kulibe. Yotchipa ndi yodula zonse zimasandutsa wati imodzi kukhala kutentha kofanana. Chimene mungachite ndi kuletsa kutenthako kuthawa.

Kumathawira njira ziwiri, pagalasi ndi pamwamba pa madzi. Za galasi n'zosavuta. Thanki ikhale pakhoma lam'kati mwa nyumba, kutali ndi zenera ndi khomo lotulukira panja. Kumbuyo, pansi, ndi mbali iliyonse yomwe simuyang'anirako, matani polystyrene, thovu loyera lija limabwera m'makatoni a TV. Sump yonse muikutire, chifukwa palibe mlendo adzabwere kudzasirira sump. Muchite zimenezi thanki isanalowe madzi. Ine ndinakumbukira nditadzaza kale, ndipo mpaka lero kumbuyo kwa yanga kuli zidutswa zomwe ndinakankhirako ndi mpini wa tsache.

Njira yapamwamba ndi imene ambiri saiganizira. Lita imodzi ya madzi ikauma n'kupita mumpweya, imanyamula kutentha kokwana magawo awiri mwa atatu a yuniti. Mpweya wa kuno m'nyengo yozizira ndi wouma gwa, ndipo yanga ikakhala yosavundikira imataya malita asanu patsiku, nthawi zina kuposa. Amenewo ndi mayunitsi oposa atatu omwe hita iyenera kubwezera tsiku lililonse. Chivundikiro cha pulasitiki yoonekera, ngakhale chongoika usiku, chimadula ndalama kuposa nyali iliyonse yamakono yomwe angakugulitseni. Muzichitsuka, chifukwa mchere ukaumirapo umatchinga kuwala. Chilimwe chikafika mumangotembenuza nzeru yomweyo: chotsani chivundikiro, ikani ukonde kuti nsomba zisadumphe, kenako kafani ka mawati 10 kaziwomba pamwamba pa sump. Madzi amatsika digiri imodzi kapena awiri, ndipo chiller, firiji ya madzi ija yodya mawati mazanamazana, simuifunanso. Kwa a ku Durban, komwe mpweya ndi wachinyezi, fani sigwira bwino chotero. Ife a kumtunda kuno tili ndi mwayi umenewo.

Chenjezo limodzi pa chivundikiro. Pamtunda ngati uno mpweya ndi wopepuka, ndipo okosijeni wolowa m'madzi amachepa pafupifupi gawo limodzi mwa asanu poyerekeza ndi kunyanja. Madzi amchere nawonso amasunga okosijeni wochepa kuposa a ku Mangochi. Ndiye musatseke ngati botolo. Siyani mpata, ndipo skimmer, chipangizo chochotsa zinyalala m'madzi ndi thovu la mpweya, iziyenda usiku wonse.

Musanaitanitse galasi, pondani pansi pomwe mukufuna kuiika. Galasi la mamilimita 12 la thanki imeneyi palokha ndi makilogalamu pafupifupi 120. Madzi, miyala, mchenga ndi chitsulo choikapo zikalowa, mwafika pa tani imodzi. Ngati ndi pansi pa simenti palibe vuto, bola pakhale pofanana bwinobwino. Ngati ndi fulati yam'mwamba kapena pansi pa matabwa, funsani injiniya, ndipo eni nyumba adziwe. Kuya kwa 60 musakupitirire. Mukafika 75 pafunika galasi lochindikala, nyali zamphamvu kuti kuwala kufike pansi, ndipo mkono wanu sufikako korali akagwa pamwala.

Tsopano nyali. Funso loyamba si dzina la kampani, koma makorali omwe mukufuna. Ofewa aja, monga zoanthid, mushroom ndi leather, amakhutira ndi kuwala kochepa, cha m'ma 50 mpaka 150 pa muyezo umene amautcha PAR. A minofu yambiri monga hammer, torch ndi frogspawn nawonso ali cha pomwepo. Koma Acropora, a nthambi okongola omwe mumawaona pa YouTube, amafuna 250 kapena 350, madzi othamanga kwambiri, ndipo calcium amamwa ngati thobwa. Kuwasankha amenewa ndiko kusankha kuwirikiza nyali ndi mapampu. Ine ndinganene mosabisa kuti zaka ziwiri zoyamba muwasiye. Thanki yodzaza ndi torch ndi leather zikugwedezeka ndi mafunde imakopa alendo kuposa Acropora, amene amangoima ngati nkhuni, ndipo mukalakwitsa pang'ono sakhululuka.

Kale anthu ankaika metal halide, mababu atatu a mawati 250 pa thanki ngati yanu. Maola asanu ndi atatu, mayunitsi asanu ndi limodzi apita, kenako chiller iziyaka kuchotsa kutentha kwa mababu omwewo. Wina akakupatsani zimenezi motchipa poti akusamuka, muthokoze n'kuzisiya. Nyali zitatu za LED za mawati 90 iliyonse, zotheka kuchepetsa mphamvu, zikukwanirani pa makorali ndatchulawa, ndipo simudzaziyatsa mpaka kumapeto. Zanga zimayenda pa 70 peresenti kwa maola asanu ndi anayi.

Pa mapampu pali cholakwika chomwe ife ochokera ku mbuna timachita: kugula pampu yaikulu ya mu sump poganiza kuti ndiyo ipange mafunde. Pampu imeneyo imalimbana ndi kukweza madzi mita imodzi ndi theka, ndiye wati iliyonse imabala zochepa. Ntchito yake ndi kungozungulitsa madzi a thanki katatu mpaka kasanu pa ola. Gulani ya DC yotheka kuchepetsa liwiro, mapaipi akhale otakasuka, makona achepe, ndipo sump ikhale pansi pa thanki pomwepo, osati ku galaja. Mafunde enieni apangidwe ndi ma wavemaker awiri m'kati mwa thanki. Amenewa sakweza kanthu, amangokankha madzi, choncho pa mawati 15 amasuntha malita masauzande ambiri pa ola.

Yanga ndikaiwerengera imatuluka chonchi: nyali mayunitsi 1.7 patsiku, pampu ya mu sump ya mawati 35 imadya 0.8, ma wavemaker awiri 0.7, skimmer 0.6. Zonse pamodzi sizifika mayunitsi anayi, kapena kuti cha m'ma 115 pamwezi. Hita ndiyo imasintha zonse. Chaka choyamba, ndisanaphunzire zovundikira, mwezi wa July inkadya yokha kuposa zipangizo zina zonse pamodzi. Chulukitsani manambala amenewa ndi mtengo wa yuniti kwanuko, muwaonetse mayi akunyumba musanagule kanthu. Ndikunena monga munthu amene sanatero.

Pali chinthu chimene simunafunse koma ndicho chinandipha ine. Usiku wina magetsi anazima cha m'ma 10 koloko, osabwera mpaka m'mawa. Ndinagona mtima uli m'malo poganiza kuti madzi ochuluka chotero sangazizire msanga, ndipo n'zoona, anangotsika madigiri awiri. Koma podzuka ndinapeza nsomba zinayi zili gada pamchenga. Sizinafe ndi kuzizira. Madzi akaima, nsomba, makorali ndi mabakiteriya a m'miyala onse amapuma okosijeni yemweyo, ndipo mumdima palibe womubwezera. Choncho musanagule korali woyamba, gulani batire. Silofunika kunyamula thanki yonse. Wavemaker imodzi yoloza pamwamba kuti madzi aziwinduka, mawati 20 kwa maola 12, ndi mayunitsi 0.24 okha. Batire la mavoti 12 la 100Ah limasunga pafupifupi 1.2, ndipo ngakhale mutagwiritsa theka lokha, mwadutsa tsiku lathunthu. Hita musailumikize kumeneko, ilimaliza msanga. Kufunditsa thanki bulangete kumathandiza kwambiri. Ngati nyumbayo ili ndi sola, nyali ziziyaka kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo pomwe mapanelo akugwira, ndipo madzulo musiye kuwala kwa buluu kochepa koti muzionera mukaweruka.

Madzi apampopi aiwaleni. Mufunika makina osefera madzi otchedwa RO/DI, ndipo mita ya TDS, yoyeza zinthu zosungunuka m'madzi, izionetsa 0. Makinawa amataya malita atatu kapena anayi pa lita iliyonse yabwino, ndiye paipi yotayira ipite ku dimba kapena mu mgolo wochapira. Mchere ndi wa m'masitolo a nsomba, osati wa kukhitchini. Kudzaza koyamba kudya makilogalamu pafupifupi 30, ndipo mukamasintha gawo limodzi mwa khumi milungu iwiri iliyonse, ndi makilogalamu atatu ulendo uliwonse. Refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, izionetsa 1.025 kapena 1.026. Madzi akauma mchere umatsala, choncho mumabwezera madzi opanda mchere. Pamenepa ambiri amapsa mwezi woyamba. Calcium akhale pakati pa 400 ndi 450, alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa asidi) pakati pa 7 ndi 9 pa muyezo wa dKH, magnesium cha m'ma 1,300. Nambala yosasinthasintha imaposa nambala yabwino yomwe mukuithamangitsa tsiku ndi tsiku.

Mukadzaza, dikirani milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti mabakiteriya akhazikike, ammonia ndi nitrite, poizoni wochokera ku zinyalala za m'madzi, zifike pa 0. Nthawi yonseyi nyali zikhale zozima. Mupulumutsa mayunitsi komanso ndere sizimera. Nsomba iliyonse yatsopano iyambe yakhala mu kathanki kapadera. Matenda a timadontho toyera akalowa mu thanki yaikulu, mankhwala ake odalirika ali ndi kopa, ndipo kopa amapha makorali ndi nkhono zonse. Njira yotsala ndi kuchotsa nsomba zonse n'kusiya thanki yopanda nsomba masiku 76. Kugwira nsomba pakati pa miyala ndi ntchito yoti simungaifunire mnzanu. Yambani ndi ma clownfish awiri oswedwa m'mathanki, ndi olimba ndipo amadya chilichonse.

Popeza mwati muli ndi ana, mvetsani ichi: makorali ena a mtundu wa zoanthid ndi Palythoa ali ndi poizoni woopsa wotchedwa palytoxin. Valani magolovesi ndi magalasi powagwira, ndipo mwala wochokera mu thanki musauphike kapena kuuthira madzi otentha, chifukwa nthunzi yake yagonekapo mabanja athunthu m'chipatala.

Wina mu ndemanga wanena kuti mukangopita ku Sodwana kapena ku Mozambique mukatola nokha. Ayi. Sodwana Bay ili m'malo otetezedwa a iSimangaliso, ndipo makorali olimba onse ali pa mndandanda wachiwiri wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire, kutanthauza kuti sadutsa malire popanda chilolezo. Anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe mukutsatira nkhaniyi, zimenezi zikukhudzani kwambiri, chifukwa mchere, nsomba ndi makorali zonse n'zoitanitsa kunja. Kuno tizidutswa ta makorali oweta timapezeka kwa anzathu oweta, ndipo tazolowera kale moyo wa mu thanki. Miyala gulani youma.

Pakadali pano chitani ichi, achimwene. Gulani thermometer ija yosunga kutentha kwapamwamba ndi kwapansi, muiike pakhoma pomwe mukufuna thankiyo, ikhalepo mlungu wathunthu. Mubwere ndi manambala ake, chithunzi cha khomalo, ndipo munene ngati pansi ndi pa simenti. Tikaona zimenezo tiwerengera limodzi kukula kwa hita ndi batire. Mbuna zija musazigulitse msanga. Chaka choyamba mudzafuna thanki imodzi yomwe simukuda nayo nkhawa.