Chikungunya inatha koma mfundo zikundiwawabe: kodi ndiyese Ayurveda?

Funso: Adokotala, ndili pa sukulu ku India. Miyezi inayi yapitayo ndinadwala chikungunya. Thupi linasiya kutentha, koma zala, maondo ndi akakolo zimandiwawabe, makamaka m'mawa, moti ngakhale botolo ndimalephera kutsegula. Anzanga kuno akuti ndiyese mankhwala a Ayurveda, omwe ndi mankhwala achikhalidwe a ku India. Kodi angandithandize?

Yankho: Pepani kwambiri. Zimene mukumvazi si zachilendo. Chikungunya, yomwe imafala ndi udzudzu wa Aedes woluma masana, imatha kusiya ululu m'mfundo kwa miyezi, kwa ena mpaka chaka n'kupitirira. Ambiri amachira pang'onopang'ono.

Za Ayurveda, ine ndimasiyanitsa zopaka ndi zomwa. Kusisita mfundo ndi mafuta a chitowe ofunda, kuthowa ndi nsalu yofunda komanso kudziwongola mofatsa monga amachitira pa yoga, zonsezi yesani. Sizichotsa chimene chayambitsa ululu, koma zimafewetsa mfundo zouma. M'mawa viikani manja m'madzi ofunda, mufumbate ndi kutambasula zala kangapo musanagwire cholembera. Ngati bondo latupa ndipo likutentha, musalithowe ndi zofunda. Jinja ndi turmeric za m'chakudya zilibe vuto.

Nkhawa yanga ili pa mapilitsi ndi ufa wa m'mabotolo. Mu 2008 kafukufuku wa ku America anapeza kuti mwa mankhwala asanu alionse a Ayurveda ogulidwa pa intaneti, pafupifupi amodzi anali ndi zinthu zapoizoni izi: mtovu, mercury kapena arsenic. Mankhwala ena, otchedwa bhasma, amaikamo zitsulo mwadala. Mankhwala a zitsamba otchedwa Giloy, omwe anthu ambiri ku India ankamwa nthawi ya Covid-19, anavulaza ena chiwindi. Ashwagandha, mankhwala ena a zitsamba, nayenso wachitapo zomwezo, ndipo mayi woyembekezera asamwe. Mapilitsi a turmeric sagwirizana ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Mukasankha kupita kwa sing'anga wa Ayurveda, akhale wolembetsedwa ndi boma, akuuzeni zimene zili m'mankhwalamo, ndipo dokotala wanu adziwe, makamaka ngati mumamwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP. Maso akayamba chikasu kapena mkodzo ukada, siyani pomwepo muthamangire kuchipatala.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chakuti musangodalira mafuta. Miyezi inayi yadutsa kale, ndiye pitani akakuyezeni magazi, ndipo ngati n'kotheka muonane ndi katswiri wa matenda a mfundo. Kuuma kwa zala m'mawa nthawi zina kumakhala nyamakazi imene imawononga mfundo ikachedwa kuthandizidwa, ndipo mankhwala ake alipo, monga methotrexate. Podikira, paracetamol angakuthandizeni. Ibuprofen imwani mutadya, kwa masiku ochepa okha, ndipo musamwe konse ngati muli ndi zilonda za m'mimba kapena vuto la impso.