Mapaleti akale: yang'anani chidindo musanazule msomali

Mayi wina wandilembera imelo kuti anapatsidwa mapaleti 6 (timathandala ta matabwa tosanjikapo katundu) ndipo akufuna kupanga mashelefu a pabalaza ndi tebulo lodyerapo. Chikuwavuta n'choti thabwa lililonse limene akukanula likung'ambika, komanso mwana wawo wawaopseza kuti matabwa amenewa ali ndi poizoni. Akufunsa ngati apitirize kapena angowasandutsa nkhuni.

Mayi, mwanayo sananame, koma si paleti iliyonse. Yang'anani m'mbali, pa mitengo yochindikala imene imanyamula paletiyo. Ngati inapangidwa kuti izinyamula katundu wopita kunja, mupezapo chidindo chokhala ndi kachithunzi konga ngala ya tirigu ndi zilembo zakuti IPPC. Chidindochi chimachokera ku lamulo la ISPM 15, lomwe mayiko anagwirizana mu 2002 kuti tizilombo toboola mitengo tisamawoloke malire titabisala m'matabwa. Mukaona HT, ndiye kuti mtengowo anangoutenthetsa mpaka mkati mwake mutafika madigiri 56 kwa mphindi zosachepera 30, popanda mankhwala. Mukaona MB, anaufukiza ndi methyl bromide, mpweya wapoizoni umene European Union inaletsa mu 2010. Ya MB isiyeni, osaipala, osaikolezera moto wophikira.

Komatu HT imangokuuzani zimene anachita popanga paletiyo. Sikuuzani zimene yakhala ikusenza. Mtengo umamwa chilichonse chotayikirapo, kaya ndi oyilo, mankhwala a mbewu kapena madzi a nyama yaiwisi. Paleti yamathothomathotho akuda kapena yonunkha zachilendo itayeni ngakhale chidindo chake chikhale chabwino. N'chifukwa chake pa nkhani ya tebulo ndikanakhala ine, pamwamba poikapo chakudya ndikanagula thabwa latsopano, za paleti n'kupangira miyendo. Mashelefu alibe vuto. (Ngati pa 6 amenewo pali yopakidwa penti wabuluu yolembedwa CHEP, imeneyo ndi yobwereketsa, mwini wake ndi kampani ya CHEP.)

Tsono za kung'ambika. Si kuti dzanja lanu ndi lolemera. Misomali ya paleti imakhala ndi mizere kapena yopotana ngati sikuluu, anaipangira dala kuti isazuke, ndipo ndi yambiri: paleti imodzi ya mtundu wa ku Ulaya wotchedwa EPAL, ya mamilimita 1200 m'litali ndi 800 m'lifupi, ili ndi misomali 78. Thabwa louma lopyapyala mukalikanula kumapeto, limagonja ndi thabwalo, msomali uli chiimire.

Ndiye musalimbane nayo, iduleni. Lowetsani sowo yodulira zitsulo pakati pa thabwa ndi mtengo wapansi, mucheke misomaliyo. Yamagetsi imafulumira, koma yapamanja imagwiranso. Thabwa likachoka, litembenuzeni, mukhome timitu totsalato kuchokera kumbuyo ndi msomali wina wosathwa mpaka titatuluka. Ngati simukufuna matabwa aatali, ingochekani mbali zonse ziwiri pafupi ndi pamene pali misomali. Mutayapo masentimita ochepa, koma mwatsala ndi misomali yapakati yokha, yomwe imazuka mukamagwedeza thabwalo pang'onopang'ono. Valani magolovesi ndi nsapato zolimba, chifukwa bala la msomali likhoza kulowetsa kafumbata.

Musathamangire kukhoma. Tsukani matabwawo ndi burashi yolimba ndi madzi a sopo, muwasanjike pamthunzi podutsa mphepo, mutaika timitengo pakati pake, akhale milungu iwiri kapena kuposerapo. Mukakhoma ali ndi chinyezi, adzafota n'kusiya mipata. Musanapale, yendetsani maginito pa thabwa lililonse, poti kachidutswa kamodzi ka msomali kamagumula mpeni wa puleni. Pokwecha yambani ndi sandipepa yokhakhala ya nambala 80, mumalize ndi yosalalirapo ya nambala 120, mutavala chotchinga pamphuno. Ine sindikwecha mpaka kuwala, mabowo a misomali ndi timizere ta sowo ndizo zimakongoletsa thabwa la paleti, koma zimenezo n'zokonda munthu.

Polumikiza, yambani mwaboola kabowo kakang'ono musanamange sikuluu, makamaka kumapeto kwa thabwa. Ndipo ngati mashelefuwo adzasenza mabuku, ikani chochirikiza china pakati, chifukwa matabwa ambiri a paleti ndi a masentimita pafupifupi 2 okha kuchindikala kwake ndipo amawerama msanga.