Tafunsani: Kodi America ikufunanji ku Congo?

FUNSO: Akulu, ine ndimakonza mafoni pamsika wa Zigwagwa kuno ku Mzuzu. Mlamu wanga ndi msilikali, adapita nawo ku Congo, ndipo pobwera adatiuza kuti nkhondo ya kumeneko ndi ya miyala basi. Tsopano ndikumva pawailesi kuti America ndiyo ikuyanjanitsa Congo ndi Rwanda. Dziko lomwe lidatseka USAID lija, chifundo chimenechi lachitenga kuti? (Wokonza mafoni, Chibavi)

YANKHO: Achimwene, alamu anuwo sadaname, koma miyala ya ku Congo ili pawiri ndipo ambiri amaisokoneza. Kum'mawa, ku Kivu komwe kukulira mfuti, kumakumbidwa golide ndi coltan. Coltan ameneyu ndiye amayengedwa n'kutuluka tantalum, yemwe ali m'timakapasita tija mumatokosa pabodi ya foni tsiku lililonse. Migodi yake yotchuka, ya ku Rubaya, zigawenga za M23, zomwe Congo imati zimathandizidwa ndi Rwanda, zidailanda mu 2024. Kummwera, cha ku Kolwezi kufupi ndi malire a Zambia, ndiye kuli mkuwa ndi cobalt wopangira mabatire. Kuchokera ku Goma kukafika ku Kolwezi ndi mtunda woposa makilomita 1,000. Magazi akukhetsedwa ku Kivu, koma diso la America lili kwambiri kummwerako, poti pafupifupi magawo 70 mwa 100 alionse a cobalt wapadziko lonse amachokera ku Congo.

Chidwichi si cha lero. Uranium wambiri wa bomba lomwe lidaponyedwa ku Hiroshima mu 1945 adachokera kumgodi wa Shinkolobwe, m'chigawo cha Katanga kummwera komweko. Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, ataphedwa mu 1961, America idagwirana chanza ndi Mobutu, amene adalamula kuyambira 1965 mpaka 1997, pofuna kuti Soviet Union isapondeko phazi. Soviet Union itagwa, chidwi chidazilala. Chidatsala ndi chithandizo komanso malamulo, monga lija la Dodd-Frank la 2010 lokakamiza makampani kuulula ngati miyala yawo ikuchokera kumalo ankhondo.

Pomwe America inkalemba malamulo, China inkagula migodi. Mu 2008 makampani a ku China adapangana ndi boma la Joseph Kabila, pangano lija la Sicomines: inu tipatseni mkuwa ndi cobalt, ife tikumangirani misewu ndi zipatala. Kenako mu 2016 kampani ya ku America ya Freeport-McMoRan, itapanidwa ndi ngongole, idagulitsa gawo lake mumgodi waukulu wa Tenke Fungurume kwa China Molybdenum pamtengo wa madola 2.65 biliyoni. Mu 2020 idagulitsanso mgodi wa Kisanfu kwa omwewo. Boma la ku Washington lidangoonerera. Lero akhala ngati munthu wogulitsa ng'ombe yamkaka chifukwa cha ngongole, mawa lake n'kumasuzumira m'khola la woigulayo.

Ndiye asintha kayendedwe. Joe Biden adatsamira panjanji ya Lobito, yodutsa mu Angola mtunda wa makilomita pafupifupi 1,300, kuti miyala izitulukira kunyanja ya Atlantic, ndipo mu December 2024 adapita yekha kukaiona. Donald Trump sadaitaye njanjiyo, koma adavula zophimba zonse. M23 italanda Goma mu January 2025 ndi Bukavu mwezi wotsatira, nthawi yomwe ija asilikali athu ena adataya miyoyo, mtsogoleri wa Congo Félix Tshisekedi adapereka nyambo kwa America: tithandizeni chitetezo, migodi tikutsekulirani. Pa 27 June 2025 nduna zoona zakunja za Congo ndi Rwanda zidasaina pangano ku Washington, ndipo pa 4 December Tshisekedi ndi Paul Kagame wa ku Rwanda adakalitsimikiza pamaso pa Trump.

Maganizo anga ndi awa. Kuti dziko lalikulu libwere ndi dyera sikundidabwitsa, ndipo mwina bola amene akunena poyera zomwe akufuna, mumadziwa pokambirana naye mtengo. Chondikayikitsa n'chakuti M23, eni mfutiwo, sadasaine nawo ku Washington. Zokambirana zawo zidali kwina, ku Doha m'dziko la Qatar. Pasanathe sabata chisainire atsogoleri aja, zigawengazo zidalowa mumzinda wa Uvira. Komanso kukumba si kuyenga. Cobalt wochuluka wapadziko amayengedwa ku China, ndipo sitima ya ku Lobito singasinthe zimenezo payokha, ngakhale ithamange bwanji.

Za USAID, musaone ngati zikutsutsana. Boma la Trump likunena lokha kuti mu Africa likufuna malonda, osati zopereka. Kutseka kuja ndi kusainitsa mapangano kuja ndi ndondomeko imodzi.

FUNSO: Nanga njanji ya Lobito ikatha, katundu atsika mtengo kuno kumpoto? (Mayi wa golosale, Luwinga)

YANKHO: Ayi mayi, musayembekezere zimenezo. Njanjiyo idayang'ana kumadzulo, pomwe ife katundu wathu amalowera ku Dar es Salaam, Beira ndi Nacala. Imene ingatikhudze ndi TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia, ya makilomita 1,860, yomwe China idamanga pakati pa 1970 ndi 1975. Chifukwa cha mpikisano womwewu, China yavomera kuikonzanso ndi ndalama pafupifupi madola 1.4 biliyoni. Njanjiyi imadutsa pa Mbeya, pomwe Malawi ali ndi malo ake osungirapo katundu. Ikamayenda bwino, mafuta ndi feteleza zikhoza kumatsikira pa Mbeya, mathanki n'kumangoyambira pamenepo kudzera pa Songwe ndi Karonga. Koma chitunda cha Chiweta azikwerabe ndithu, ndipo chimenecho n'chathu, sichili m'pangano la China kapena la America.