Pulogalamu yaulere, yotseguka kapena yaufulu? Mafunso ochokera ku Angónia

Kalata ya ulendo uno yachokera ku Ulongué, m'boma la Angónia, ndipo aphunzitsi ena a kusekondale ndiwo ailemba m'malo mwa gulu la achinyamata. Akuti: "Tikufuna kupanga kachiyankhulo kathukathu kolembera mapulogalamu a pa intaneti. Malamulo ake akhale a m'Chichewa, ndipo azilembedwa pakati pa tizizindikiro < ndi > monga zimakhalira mu HTML. Cholinga n'choti ana asukulu aziphunzirirapo, komanso alimi a mbatata ndi nyemba azitha kuikapo mitengo ya pamsika. Ntchitoyi tikufuna ikhale ya aliyense. Koma tisanalembe mzere ngakhale umodzi, tayamba kale kukangana pa mawu."

Aphunzitsi, njira mukufuna kuyendayi ena anadutsamo kale. Mu 1995 kampani ya Allaire ku America inatulutsa ColdFusion, ndipo chiyankhulo chake, CFML, n'chamtundu womwe mukunenawu. Munthu amalemba tsamba la HTML, chiyankhulo cholembera masamba a pa intaneti, n'kumaponyamo matagi, omwe ndi malamulo olembedwa pakati pa tizizindikiro tija, monga cfif, cfloop ndi cfoutput, ndipo seva, kompyuta yosunga tsambalo, imayamba yachita zimene matagiwo alamula isanatumize tsambalo kwa woliwerenga. Allaire inagulidwa ndi Macromedia mu 2001, Macromedia nayo n'kugulidwa ndi Adobe mu 2005, ndipo ColdFusion ndi yogula mpaka lero. Koma anthu ena analemba injini zawo, kutanthauza mapulogalamu owerenga matagi n'kuchita zimene alamula, zomva chiyankhulo chomwecho. Imodzi inali Railo, ndipo mu 2015 ena mwa amene ankaisamala anapatuka n'kuyambitsa Lucee, imene aliyense angathe kuitenga, kuiwerenga ndi kuisintha. Choncho kukangana kwanu pa mawu musakuone ngati kutaya nthawi. Tagi ikangoyamba kugwiritsidwa ntchito, masamba onse olembedwa nayo amadalira kuti isasinthe, ndiye ndi bwino mukangane panopa.

"Ena akuti tizinena kuti pulogalamu yaulere, ena akuti yotseguka. Cholondola n'chiti?"

Onse awiriwa akunena zina. Ulere ndi nkhani ya ndalama basi. Facebook anthu amalowapo osalipira eni ake, koma palibe amene angakulolereni kuona mmene inalembedwera, kapena kuisintha n'kugawira anzanu. "Yotseguka" nayo ili ndi vuto lake: munthu wogwira foni akamva kuti pulogalamu ndi yotseguka, amaganiza kuti yasiyidwa ikugwira ntchito ndipo ikumaliza batire.

Inu a ku Tete simuyenera kuvutika nazo, chifukwa Chipwitikizi chimene munaphunzira kusukulu chimasiyanitsa grátis ndi livre, ndipo Chichewa chimasiyanitsanso ulere ndi ufulu. Chingerezi ndicho chimaphatikiza zonse ziwiri m'liwu limodzi loti free, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene dzina loti open source linabwerera mu 1998, patapita zaka zambiri Richard Stallman atayambitsa GNU, ntchito yolemba mapulogalamu aufulu, mu 1983. Ine ndinganene kuti "pulogalamu yaufulu". Wina akafunsa kuti ufulu wake uti, mumuuze kuti khodi yake, kutanthauza malamulo amene pulogalamuyo inalembedwa nawo, ili poyera, ndipo aliyense waloledwa kuigwiritsa ntchito, kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa. Liwu loti poyera ndilo limagwira bwino pamene ena akuikapo "yotseguka".

Koma musalitchule dzina la ufulu musanaupereke. Kungoika khodi pa GitHub, tsamba limene olemba mapulogalamu amasungapo khodi, sikupatsa munthu chilolezo choigwiritsa ntchito mmene akufunira. Popanda laisensi, chikalata chopereka chilolezocho, lamulo limati zonse n'za mwini wake. Sankhani imodzi. GPL, imene inayamba kutuluka mu 1989, imati wosintha pulogalamu n'kuigawa ayenera kuika poyera zimene wasinthazo pa malamulo omwewo. Ya MIT ndi yaifupi ndipo imalola pafupifupi chilichonse, bola mawu a laisensiyo ndi dzina la olemba zisachotsedwe. Mawu a laisensi muwasiye m'Chingerezi mmene alili, kenaka mulembe padera kufotokoza kwake m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, n'kunena momveka kuti uku n'kufotokoza chabe.

"Ana amene anaphunzira Chinyanja kupulayimale amalemba cinthu ndi nchito. Ife akuluakulu timalemba chinthu ndi ntchito. Tizitsata ndani?"

Funso ili ndilo lalikulu pa onse, ndipo palibe amene akulakwitsa. Ku Malawi bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndipo kumeneko amalemba ch ndi tch. Kuno ku Mozambique akatswiri anakumana ku Maputo mu 1988, motsogozedwa ndi a pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, n'kukumananso mu 1999 ndi mu 2008, ndipo anagwirizana kuti h azisonyeza mpweya wotuluka mwamphamvu, monga mu ph, th ndi kh. Ndiye c payekha ndi amene a ku Malawi amamulemba ch, ndipo ch wa kuno ndi tch wa uko. Chigawo cha Tete chinali m'gulu la zoyambirira kuyesa kuphunzitsa ana m'chiyankhulo chawo, pakati pa 1993 ndi 1997, ndipo chiyankhulocho chinali Chinyanja. Ana anu akulemba zimene anaphunzitsidwa. Inunso mukulemba zimene mwakhala mukuwerenga m'mabuku ndi m'nyuzi zodutsa pa malire a Calómuè ndi Zóbuè kuchokera ku Malawi.

Munthu powerenga kalata savutika ndi kusiyanaku, chifukwa nkhani yokha imamuwongolera. Koma taonani mawu awa: kucha. Kwa amene anaphunzira ku Dedza, uku n'kucha kwa kunja. Kwa amene anaphunzira kalembedwe ka kuno, uku n'kutcha msampha kapena kutcha mwana dzina, ndipo kucha kwa kunja amakulemba kuca. Pali gulu lachitatu limene simunalitchule, la amene anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi chokha. Iwowa akaona ch amatchula ngati mu chuva, akaona ca amatchula ka ngati mu casa, akaona ci amatchula si ngati mu cidade. Makina ndiye alibe n'komwe nkhani yowawongolera. Mwana akasunga nambala pa dzina loti nchito, mnzake n'kudzaiitana kuti ntchito, pulogalamu imaima, kapena imaonetsa malo opanda kanthu popanda kunena chifukwa.

Malangizo anga ndi awiri, ndipo loyamba ndi limene ndikulikonda kwambiri. Posankha matagi, lambalalani mawu onse amene ali ndi c. Chichewa chili ndi mawu okwanira: ngati, bwereza, onetsa, sunga, ika, funsa, tenga, tumiza, werenga. Onsewa amalembedwa chimodzimodzi ku Furancungo, ku Lilongwe ndi ku Chipata. Mzere woti <onetsa>mtengo</onetsa> suyambitsa mkangano kulikonse. M'malo mwa chita kapena cita, dzifunseni kuti tagiyo ikuchita chiyani kwenikweni, ndipo mupeza mneni wina wolunjika bwino. M'malo mwa chotsa, fufuta alipo. Lachiwiri: pamene simungachitire mwina, sankhani kalembedwe kamodzi kakhale kenikeni, koma injini yanu izivomerezanso kenako. Pa zolemba zofotokozera, aliyense alembe mmene anaphunzirira, bola tsamba limodzi lisasakanize.

Pali kachizindikiro kena kamene sindikufuna mukaiwale, kamene timaika mu ng'ombe, pang'ono ndi m'nyumba. M'Chichewa si kokongoletsera: ng'oma imaimbidwa, ngoma ndi nyama ya m'tchire. Koma m'ziyankhulo zambiri za kompyuta kachizindikiro komweka kamatsegula ndi kutseka mawu. Mu SQL, chiyankhulo chofunsira zinthu zosungidwa m'kompyuta, liwu ngati pang'ono likalowa mosasamala limadula lamulo pakati, ndipo mpata womwewo ndi umene akuba amalowerapo kuti awerenge kapena kufufuta zosungidwa. CFML ili ndi tagi yapadera, cfqueryparam, yotchinjirizira zimenezi, ndipo nanunso mufunika yanu kuyambira tsiku loyamba, chifukwa kwa ife mawu otere ali m'chiganizo chilichonse. Dziwaninso kuti mafoni ena amalemba kachizindikiro kowongoka, ena kopindika, ndipo makina amaziona ngati zilembo ziwiri zosiyana. Wofufuza dzina la mudzi akhoza kuuzidwa kuti palibe, pamene lilipo. Injini izizisandutsa chimodzi isanafufuze. M'dzina la tagi kasalowemo, ndipo mpata nawo saloledwa, ndiye "apo ayi" mulembe apo-ayi. Mafayilo onse musunge mu UTF-8, njira yosungira zilembo za ziyankhulo zosiyanasiyana, kuti ŵ wa amene amamulembabe, ndi mayina ngati Angónia ndi Zóbuè, asasanduke tizilembo tosawerengeka.

"Kodi tilembe onetsa kapena onetsani? Mmodzi wa ife akuti onetsa ndi mwano."

Mnzanuyo ali ndi khutu labwino, kungoti sanafunse kuti akuyankhula ndani, ndipo akuyankhula kwa yani. Tagi ndi munthu akulamula makina, ndipo makina si mkulu woti tim'patse ulemu: onetsa, bwereza, sunga. Koma chilichonse chooneka pa sikirini munthu amachiwerenga ngati chikunena kwa iye. Mayi wa ku Tsangano akatsegula tsamba n'kupeza "Lemba dzina lako", amva ngati kamwana kosaleredwa kakuwatuma. Pamenepo pakhale "Lembani dzina lanu". Mabatani nawo ndingawaike m'gulu lomweli, Sungani, Tumizani, ngakhale ena anganene kuti podina batani ndi munthu amene akulamula. Zimene maso akuona ndizo zimalowa mumtima msanga kusiyana ndi kaganizidwe ka olemba pulogalamu.

Pa mauthenga omwewa pali msampha umene simunaufunse koma mudzaupeza. Olemba mapulogalamu amakonda kulemba chiganizo chimodzi chokhala ndi mpata, kuti makina aziikamo dzina lililonse. M'Chichewa sizitheka, chifukwa dzina limalamulira mneni: fayilo yapezeka, mafayilo apezeka, chithunzi chapezeka, zithunzi zapezeka, tsamba lapezeka, uthenga wapezeka. Zida zomasulira mapulogalamu monga gettext zimadziwa kusiyanitsa chimodzi ndi zambiri, koma magulu a mayina athu sizimawadziwa. Mukaumirira chiganizo chimodzi mudzabereka zinthu ngati "chithunzi yapezeka", ndipo mwana amene akuphunzira adzayesa kuti ndicho Chichewa cha ophunzira. Lembani chiganizo chathunthu pa dzina lililonse. Pamene mayina achuluka kwambiri, tembenuzani chiganizocho: "Zimene zapezeka: 3". Chenjerani kuti imeneyi si ya anthu. Alimi atatu si "zimene", ndi "amene apezeka". Chimodzimodzi kuifufuta, kuchifufuta ndi kulifufuta: funsani kuti "Kodi mukufuna kufufuta?" n'kutchula chinthucho pamzere wakewake.

"Nanga gulu lathuli tilitche chiyani, ndipo mawu ngati commit ndi fork tiwamasulire?"

Gulu ndi gulu, liwu limenelo n'lokwanira. Pofotokozera makolo, dima ndilo fanizo loyandikira: anthu kusonkhana pa munda umodzi, aliyense ndi khasu lake, popanda malipiro a ndalama, kungoti munda uwu ndi wa onse amene akulimamo. Thangata musalitchule pa dzina la ntchitoyi. Kuthangata mnzako n'kwabwino, koma dzinalo limakumbutsa ntchito yokakamiza ya m'maesiteti a atsamunda ku Malawi, monga momwe chibalo chimakumbukiridwira kuno. Olemba nawo khodi ndi othandiza, osankha zoti zilowe ndi oyang'anira.

Malamulo a Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za khodi imene Linus Torvalds analemba mu 2005, amataipidwa m'Chingerezi, ndipo mwana wanu akadzalowa ntchito ya gulu lina adzawapeza momwemo. Asiyeni commit ndi fork, muziwafotokoza m'Chichewa. Branch yekha ndiye ndaona kuti "nthambi" imamukhala popanda kukakamiza. Bug musamutche kachilombo, poti liwu limenelo anthu analipereka kale kwa vayirasi. Nenani kuti cholakwika kapena vuto.

Chotsalira ndi mawu obwereka, ndipo apa malire amaoneka kwambiri. Wa ku Ntcheu amati fayilo ndi pasiwedi, wa ku Ulongué angathe kunena ficheiro ndi senha, ndipo onse akuyankhula Chichewa chawo. Pamene pali mawu amene mbali zonse zimamva, monga mawu achinsinsi, tengani amenewo. Pamene palibe, musakakamize. Chizindikiro cha chiyankhulo chathu m'makompyuta ndi ny, ndipo n'zololedwa kuphatikizapo dziko: ny-MZ ndi ny-MW. Mauthenga onse muwaike m'mafayilo awiri otere, kunja kwa khodi, kuti wothandiza amene sadziwa kulemba pulogalamu athe kukonza mawu popanda kukhudza injini. Fayilo ya ny-MZ muipereke kwa aphunzitsi a kupulayimale amene amaphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri aiwerenge, ndipo tsamba la mitengo mukaliyese pa foni ya mlimi pamsika, iye akuwerenga mokweza, inu mukulemba pamene wakakamira.