Kodi chilema cha m'daimondi chingasunge bwanji uthenga wa quantum?

FUNSO: Ndinamva kuti akatswiri a sayansi akusunga uthenga wa makompyuta a quantum m'daimondi yokhala ndi chilema. Kodi chilemacho chimathandiza chiyani, nanga amasankha bwanji atomu yoti aisungitse uthengawo?

YANKHO: Daimondi ndi maatomu a kaboni oyalana mwadongosolo, koma pena ndi pena atomu ya nayitulojeni imalowa m'malo mwa kaboni, ndipo pambali pake pamatsala mpata wopanda atomu. Chilema chimenechi, chotchedwa NV centre, chimakola maelekitironi okhala ndi spin, yomwe tingaiyerekeze ndi kamaginito kakang'ono zedi. Akachiwalitsa ndi leza (laser) yobiriwira chimatulutsa kuwala kofiira, ndipo kuchuluka kwa kuwalako kumaulula mmene spin yakhalira. Tsoka lake n'lakuti elekitironi siichedwa kusokonezeka, choncho uthenga amausamutsira ku nyukiliyasi (phata la pakati) ya atomu yoyandikana nayo.

Si atomu iliyonse ingathe ntchitoyi. Kaboni-12 alibe spin, pamene kaboni-13, yemwe amapezeka pafupifupi atomu imodzi pa 100 iliyonse, ali nayo, ndipo maginito ake ndi ofooka kwambiri kotero kuti zochitika pafupi sizimugwedeza msanga.

Pa kasankhidwe m'pamene pagona nkhani. Akatswiri amatembenuza elekitironi mobwerezabwereza ndi mafunde a microwave pa nthawi zoyezedwa bwino, ndipo nyukiliyasi iliyonse imayankha pa kayendedwe kakekake, zomwe zimasonyeza mphamvu ya mgwirizano wake ndi elekitironiyo. Mwina mungaganize kuti yapafupi kwambiri ndiyo yabwino, koma si choncho ayi. Yapafupi imalandira uthenga mwachangu, komabe elekitironi ikamayambitsidwanso ndi leza kambirimbiri, monga zimakhalira polumikiza makina awiri otalikirana, uthengawo umafufutika. Yakutali imasunga bwino, koma kuilamulira kumatenga nthawi ndipo nkovuta kuisiyanitsa ndi zinzake. Ine ndimaona kuti muyeso woyenera kuuikira mtima si wa masekondi okha amene uthenga umasungika, koma wakuti nyukiliyasiyo ipirira kangati elekitironi ikamagwira ntchito pambali pake.

Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Harvard ku America anasunga uthenga kopitirira sekondi imodzi popanda kuziziritsa daimondi. Mu 2019 gulu la ofufuza la QuTech ku Delft, m'dziko la Netherlands, linalamulira ma qubit 10 (tizigawo tosunga uthenga wa quantum) pa chilema chimodzi, ndipo qubit imodzi inasunga uthenga kopitirira mphindi imodzi, daimondiyo itaziziritsidwa mpaka pafupifupi madigiri 269 a Celsius pansi pa ziro.