Achimwene, geni ya zida za kompyuta siithera pa boda

Achimwene, mwafunsa mmene geni yokaoda zida za kompyuta ku Joni imayendera, komanso ngati n'zoona kuti RAM (memore yomwe kompyuta imagwirira ntchito ikayaka) yomwe timabwera nayo ndi yabodza, poti mnzanu wina anagula yolembedwa liwiro la 3200 koma kompyuta yake ikuonetsa 2133. Mafunso awiriwa ndi nkhani imodzi, koma ndiyambe ndi za ulendo chifukwa n'zachidule.

Basi ikachoka mu Lilongwe mumatulukira pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Ndi masiku awiri msana ukuwawa, kapena kupitirira ngati pa Beitbridge pali mzere. Katundu wathu ndi wopepuka, mapurosesa (ubongo wa kompyuta) khumi amakwana m'chikwama chapamsana, ndiye mtima umakuuza kuti ungobisa pansi pa zovala. Musayerekeze. Sungani malisiti onse, onetsani kwa a MRA, lipirani. Musadalirenso zoti katundu wa mu SADC amachepetsedwa msonkho, chifukwa amayang'ana komwe chinthu chinapangidwa, ndipo zathuzi zimachokera ku Taiwan, China ndi Malaysia, ku Joni zimangodutsirako. Pa mtengo, chichitikireni zija za mu Novembala 2023 pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ine ndimawerengera ndalama yomwe ndidzafune pokaodanso, osati yomwe ndinagulira.

Chomwe chimagwetsa anthu ambiri pa geniyi ndi kasitomala wobwerera. Walanti ya katundu wanu ili kutsidya kwa mayiko awiri. Munthu akabwera ndi chinthu n'kunena kuti sichikugwira, mwina mumubwezere ndalama, apo ayi mudziwe kumuonetsa pomwe pavuta. Nthawi zambiri chinthucho chimakhala chabwinobwino.

Chaka chatha ndinagulitsa purosesa ya kampani ya AMD yotchedwa Ryzen 5 5600 ndi RAM ziwiri za 8GB, DDR4-3200, kwa mnyamata wina wa ku Area 25 amene amakonza makanema a maukwati. Anali ndi purosesa yakale ya Ryzen 5 1600 pa bodi ya B450 (bodi ndi pomwe zida zonse zimalumikizidwa). Mapurosesa onsewa ndi bodiyo ndi za soketi (malo olowetsapo purosesa) ya AM4, ndipo ubwino wa AM4 ndi umenewo: munthu amene anagula makina a m'ma 2017 kapena 2018 amatha kuikamo purosesa ya 2022 osasintha bodi. Nchifukwa chake mapurosesa amenewa amayenda malonda kuno kuposa a AM5 omwe amafuna bodi yatsopano ndi RAM ya mtundu watsopano wa DDR5.

Mawa lake ndinangoona watulukira pa kabaza, kompyuta ataifungata pamiyendo ngati mwana wodwala. Mafani akuzungulira, sikirini ili bii. Vuto linali BIOS, kapulogalamu ka pa bodi koyatsa makina: inali yakale yomwe siinkaidziwa purosesa yatsopanoyo. Tinabwezeramo yakale ija, tinaika BIOS yatsopano kuchokera pa flash, kenako n'kuikanso 5600, inayaka. Apa mumve bwino: muziuza kasitomala aliyense kuti asagulitse purosesa yakale asanasinthe BIOS, pokhapokha ngati bodi yake ili ndi batani la Flashback losinthira BIOS popanda purosesa. Komanso ntchito imeneyi ine sindichita popanda UPS, batire losunga magetsi. Magetsi akangothima ili pakati, bodi ikhoza kufa, ndipo maliro ake mulira ndinu.

Patatha masiku atatu, uyo wabweranso, nkhope ili gwaa. Akuti mwandigulitsa RAM ya feki, Task Manager ya mu Windows ikuti 2133. Ndi nkhani ya mnzanu ija ndendende. RAM ya DDR4 ukangoilowetsa imayamba ndi liwiro lotsika lomwe bodi iliyonse imagwirizana nalo, kawirikawiri 2133 kapena 2400, pa mavoti 1.2. Nambala ya 3200 ya papepala ija imafuna kuti ulowe mu BIOS n'kuyatsa XMP, yomwe imakweza liwiro n'kuika mavoti pa 1.35. Mayina amasokoneza: pa mabodi a ASUS a AMD amalemba DOCP, a MSI amalemba A-XMP, ndipo pa DDR5 ya AM5 mupeza EXPO. Ukasintha BIOS kapena purosesa, zomwe unasankha kale zimafufutika, ndiye ngakhale munthu amene anayatsa XMP zaka zapitazo amapeza yabwerera pansi.

Tinayatsa. Iye pofuna kundigwira bodza anatsegula CPU-Z, pulogalamu yoonetsa za zida za kompyuta, n'kuona 1600, anadumpha kuti tsopano yatsikiratu. Ndinaseka mpaka misozi. DDR imatumiza uthenga kawiri pa kugunda kulikonse, ndiye 1600 ija muichulukitse kawiri, ndi 3200 yomwe analipira.

Ulendo wachitatu ndi umene unandidyera Loweruka lonse. Kompyuta inkayaka, koma akafika pakati pokonza kanema sikirini imasanduka yabuluu. Nditatsegula ndinapeza timitengo ta RAM titatu: tiwiri tanga ndi kamodzi kakale ka kampani ina, akuti anaona kuti n'kulakwa kukasiya m'dilowa. Tiwiri tangato anatiika moyandikana. Pa bodi ya mipata inayi, RAM ziwiri zimakhala pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa, yomwe imalembedwa A2 ndi B2. Kusakaniza mitundu nthawi zina kumatheka pa liwiro lotsika, koma pa XMP mpamene zimayambana. Tinachotsa kakaleko, tinasuntha zinazo, n'kusiya MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, ikuyenda usiku wonse. M'mawa panalibe cholakwika n'chimodzi chomwe.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kapitawo woyang'anira RAM amakhala mkati mwa purosesa, osati pa bodi. Ukasintha purosesa wasintha kapitawo. AMD inalonjeza 2666 pa Ryzen 5 1600 ndi 3200 pa 5600. Chilichonse chopitirira apo, ngakhale chili pa XMP, ndi overclock kale, kuthamangitsa chida kuposa mmene opanga analonjezera. Ma 5600 ambiri amanyamula 3600 bwinobwino, Infinity Fabric (msewu wa uthenga mkati mwa purosesa) ili pa 1800 kuti iziyendera limodzi ndi RAM, koma ukakakamiza kukwera kwambiri ziwirizi zimasiyana mayendedwe, nambala n'kukhala yaikulu koma makina osafulumira. RAM zinayi zimamulemera kapitawoyu kuposa ziwiri. Ndiye XMP ikakana, ine sindilimbana nayo: ndimatsitsa pa 3600 kupita 3400 kapena 3200, n'kuyesanso. Makina akakaniratu kuyaka, zimitsani, zulani chingwe kukhoma, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo, BIOS iiwala zonse muyambirenso.

Za anyamata okonda kukweza mavoti ataonera YouTube, ndimawauziratu kuti chopsa sindilandira. Amene amawaonerawo ali m'zipinda zozizira, ife tili ndi kutentha kwa Okutobala ndi fumbi la mu Lilongwe lomwe limatseka fani pa miyezi iwiri. Kuthamanga si kufika, makamaka kanema wa ukwati wa eni ake akafera pa 90 peresenti. Ndimayang'ananso mapini a pansi pake ndisanalandire purosesa yobwezedwa, chifukwa ya AM4 imakonda kumatirira ku fani munthu akamazula mwamphamvu, mapini n'kupindika. Muziwauza ayambe ayatsa makina kuti phesiti ya pakati pa purosesa ndi fani ifewe, kenako apotoze pang'ono pochotsa.

Mpamba sindikutchulirani nambala, randi ikusintha sabata ndi sabata. Koma musanagule katundu wogulitsa, patulani ndalama ya zida zoyesera: bodi imodzi ya B450 kapena B550, purosesa yakale yotchipa yosinthira BIOS, RAM imodzi yomwe mukuidziwa kuti ndi yabwino, flash ya MemTest86 ndi UPS. Chilichonse ndimayesa kasitomala akuona, ndipo nambala ya chinthucho ndimailemba pa lisiti, poti ena amabweza chakufa chomwe sanagule kwa iwe.

Mnzanu wa 2133 uja muuzeni ayatse kompyuta akudina Delete kuti alowe mu BIOS, afufuze XMP kapena DOCP, aiyatse, asunge ndi F10. Ikavuta mubwere naye Loweruka ku Area 2, muonerenso pomwepo mmene ndimayesera.