Nyimbo yanga ikufanana ndi za ku Balaka, kodi ndaba?

Funso: A Mkonzi, ndimayimba gitala m'kwaya ya mpingo wathu ku Kawale, ndipo ndapeka nyimbo imene ndikufuna kukajambula. Anzanga atayimva anati ikumveka ngati za Alleluya Band, zimene ndakula ndikumvera. Kodi ndaba luso la eni ake? Nanga ndingapeke bwanji nyimbo yangayanga? Wowerenga wa ku Kawale, Lilongwe.

Yankho: Bwererani kwa anzanuwo mukawafunse kuti ikufanana ndi nyimbo iti. Akatchula nyimbo imodzi, n'kutha kuyimba mawu ake pa chuni chanu popanda kukhota, ndiye kuti vuto lilipo, ndipo chunicho muchisinthe musanapite ku situdiyo. Koma akangonena kuti ikumveka ya ku Balaka, mtima ukhale m'malo, chifukwa mwangotengera chamba cha mayimbidwe, ndipo chamba chilibe mwini.

Paul Banda ndi anzake, amene anayamba Alleluya Band ku parishi ya Katolika ya Balaka mu 1978, nawonso anatengera. Reggae ndi ya ku Jamaica, koma iwo anayifewetsa, n'kuyiphatikiza ndi mayimbidwe a m'tchalitchi ndi Chichewa cha tsiku ndi tsiku, mpaka tinayamba kuyitchula ndi dzina la boma lawo. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anatenga kwela ya ku South Africa, komabe amene anamvapo gitala ya Daniel, imene inkamveka ngati akuyimba anthu angapo pamene ali yekha, sangamusokoneze ndi woyimba wa ku Johannesburg. Ine ndimaona kuti anthuwa anakhala akatswiri chifukwa sanalekere pa zimene anamva, anawonjezerapo za kwawo.

Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza chuni ndi mawu a nyimbo pa moyo wonse wa wopeka ndi zaka 50 atamwalira. Kutenga zimenezi kumafuna chilolezo, ngakhale nyimbo yanu ikhale yauzimu. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa m'makwaya mwathu chizolowezi choika mawu atsopano pa chuni cha wina chazika mizu, ndipo ambiri sachiona ngati cholakwa.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili ndi ntchito yaikulu. Zala za woyimba gitala zimathamangira kumene zinazolowera, choncho mukayamba kupeka gitala ili m'manja, zidzakubwezerani ku Balaka nthawi zonse. Ikani gitala pambali, mulembe mawu, kenako muwalankhule mokweza ngati mukuuza munthu amene ali tsidya lina la msewu. Mudzamva kuti m'Chichewa mawu amakwera ndi kutsika okha, ndipo chuni chimene chatsatira kukwera ndi kutsika kwa chiganizo chanu n'chovuta kuti chifanane ndi cha wina, popeza chiganizocho sanachinenepo wina. Jambulani pa foni mukung'ung'udza, mugone, mudzamvere mawa lake, ndipo pokhapo mutenge gitala kuti iperekeze chimene chabadwa kale.

Makutu nawonso muwapatse zakudya zosiyanasiyana, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Simufunika ulendo wautali: ku Mitundu kapena ku Nsaru mukamva chimtali, mmene mtsogoleri amaponyera mzere amayi n'kuulandira, ndi mmene kuwomba m'manja kumalukanirana ndi ng'oma. Malemu Wambali Mkandawire anachita zotere ndi nyimbo za Chitumbuka pozilumikiza ndi jazz. Mukatenga nyimbo yamakolo yathunthu, nenani poyera kuti mwangoyikonza, musalembe kuti mwapeka ndinu.

Ku situdiyo mukachenjere ndi wojambula wofuna kukuikirani zida zomwezo zimene waikira ena sabata yomweyo, chifukwa nyimbo zambiri zimatayira pamenepo nkhope yake. Ikatha, kailembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mumzinda wanu womwewo, musanayambe kuitumiza pa WhatsApp kapena kuipereka ku wayilesi.